Tamandani Asananene Ameni

Munthu uja anatulukira dzuwa litapendeka, mvula itangokata kumene, madzi akadali kudontha m'mphepete mwa tsindwi. Tamandani anali pakhonde akusadzula chibwabwa, masamba a maungu a ndiwo, mwana wake Sophia ali m'tulo kumsana. Odi sanamumve. Anangoona mapazi awiri odzaza matope ataima m'mbali mwa bwalo, limodzi lomangidwa chinsanza. Atakweza maso anapeza mwamuna wamtali, woonda ngati bango, atafunda thumba la feteleza kumutu, kathumba kapulasitiki kali m'manja. Munthuyo sankayang'ana iye ayi. Maso ake anali pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nkhokwe, ndipo ankauyang'ana monga umayang'anira munthu amene munasiyana kalekale, usanatsimikize ngati akukukumbukira.

Tamandani analeka kusadzula.

Chaka chimenecho chinali cha mantha. Mawailesi ndi mafoni zinadzaza nkhani imodzi: akuti kunali anthu oyenda ndi mankhwala opopera m'nyumba za anzawo, kuti eni nyumba akakomoka awachite zoipa. Ku Luembe, kumene Tamandani ankakhala, palibe amene anawaonapo ndi maso ake, koma aliyense anali ndi msuweni amene mnzake anawaona. Amuna anagula mawezulo n'kumasinthana kulondera mudzi. Akazi anatseka mipata ya mazenera ndi nsanza. Ndipo zinkamveka kuti kumadera ena alendo ongosochera njira, ena odwala mutu, anafa ndi miyala asanafunsidwe n'komwe kumene ankachokera.

Tamandani anali yekha. Mwamuna wake Eustace anali atanyamula amai ake panjinga yamoto kupita nawo kuchipatala ku Petauke, kukaonetsa maso awo amene anayamba kuchita nkhungu, ndipo anayenera kugona konko. Tamandani ndi Eustace sanali eni dera. Anachokera ku Katete kutsata nthaka, anapatsidwa malo kumathero kwa mudzi, ndipo ngakhale anali atakolola kangapo pamalopo, anthu ankawatchabe a ku Katete. Tsiku lonse Tamandani anali akungolota za mwamuna wakeyo, za momwe amaimbira mluzu akamakhota pa chulu, mpaka chibwabwa chinatsala pang'ono kufota m'lichero. Tsopano malotowo anauluka onse.

Komabe mlendo sapirikitsidwa ali chiimire. Anamukankhira kampando ndi phazi, osayandikira, n'kumupatsa moni. Munthuyo anayankha motsitsa mawu, m'Chinsenga chimene chinkamveka ngati chakhala nthawi yaitali chisakugwiritsidwa ntchito. Anapempha madzi akumwa. Atafunsidwa dzina anayang'ana pansi, ngati munthu amene akusankha malaya pa mulu wa salaula, zovala zakale zogulitsa pamsika.

"Jerry," anatero pomaliza.

Tamandani anadziwa pomwepo kuti dzinalo linali lobwereka. Anafunsa kumene akuchokera, munthuyo anangoloza ndi mlomo kumadzulo, kumene mtsinje wa Luangwa umayenda kuseri kwa mapiri.  Kenako analandira chikho cha madzi n'kumwa.

Pamoto panali chimanga chachiwisi chimene Tamandani anadziotchera yekha. Anachiyang'ana, anayang'ana nthiti za munthuyo zimene zinkaonekera pa kung'ambika kwa malaya, n'kumupatsa. Mlendoyo sanalume nthawi yomweyo. Anachiika pa miyendo, anaweramitsa mutu, milomo yake n'kumagwedezeka popanda mawu. Tamandani anamuyang'ana mpaka anamaliza. Mantha sanachoke, koma anasuntha pang'ono, monga munthu amasunthira pa benchi kuti wina akhale.

Atadya, munthuyo anafunsa za nyumba imene inali pamalopo kale. Tamandani anati iwo anapeza bwinja lokha ndi mango uja. Eni ake anasamukira kufupi ndi msewu, agogo a pakhomopo atamwalira. Munthuyo anafunsa ngati wati atamwalira. Tamandani anavomera. Pamenepo mlendoyo anaimirira, anafundanso thumba lake, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono motsimphina kuzungulira nyumba, dzanja likukhudza khoma, ngati akufuna khomo limene kulibenso.

Ndi mmene anamupezera amake Happiness, mnansi wawo, akuchokera ku mjigo ndowa ili pamutu. Anangoona msana wa mlendoyo. Anaima pa njira n'kuyamba nthabwala zake za masiku onse.

"Iwe wa ku Katete, a Eustace achoka lelo m'mawa chabe, wapeza kale wosunga mpando? Ungasankheko wonenepa pang'ono."

Tamandani anayesa kuseka, koma kuseka sikunabwere. Amake Happiness anatsata maso ake. Anaona dzanja likusisita khoma pansi pa zenera. Anaona kathumba kapulasitiki, ndi khosi la botolo likusuzumira m'katimo. Nthabwala inauma pamilomo. Anafunsa monong'ona kuti munthuyo ndani, ndipo Tamandani anati sakumudziwa bwino. Mnzakeyo anatembenuka n'kuyamba kuyenda mofulumira, madzi akukhavukira pamapewa, ndipo atafika pa munda wa mtedza anatula ndowa pansi n'kuthamanga.

Wezulo woyamba analira kumunsi kwa mudzi. Wina anayankha cha ku tchalitchi. Kenako analira ambiri, kusakanikirana ndi agalu ndi mawu a anthu oitanizana.

Tamandani anathamangira kuseri kwa nyumba. Anauza mlendoyo kuti athawe, alowe m'chimanga, atsikire kudambo, apite kulikonse. Munthuyo anayang'ana phazi lake. Chinsanza chija chinali chitafiira, ndipo mwendo unali wotupa mpaka m'katumba. Anati wathawa kokwanira pa moyo wake, ndipo ngati tsiku lake ndi limeneli, bola limupeze pansi pa mango ameneyu kusiyana ndi m'thengo.

Foni inali m'chitenje, koma pakhomopo sinkagwira. Kuti munthu aimbe ankayenera kukakwera chulu cha kutsidya kwa njira, ndipo kumeneko n'kumene mawu ankachokera. Tamandani sanaganize bwino chimene anachita. Anagwira munthuyo pa mkono, mkono wopepuka ngati phesi, anamukokera m'nyumba, anatuluka n'kukoka chitseko. Ataima pakhomo m'pamene maganizo anamupeza. Za m'botolo sanafunse. Mwina anali atatsekera njoka m'nyumba yake yomwe, pafupi ndi mphasa ya mwana wake. Mwina anthu akubwerawo ndiwo anali olondola.

Anatulukira pa njira ali gulu, amuna patsogolo, akazi m'mbuyo. Panali zibonga, nkhwangwa, makasu, ndi miyala yotoledwa m'njira. Fredrick, mnyamata wokwatira chaka chomwecho amene ankanyamula anthu panjinga yamoto, anagwira chigubu chachikasu cha petulo. Patsogolo pa onse panali a Josphat Mumba, mkulu wa mpingo umene Tamandani ankapempherako, amenenso anasankhidwa kutsogolera olondera mudzi. Anali munthu wamkulu thupi, wosakonda kukweza mawu, ndipo chipewa chawo chakuda chinali pamutu monga masiku onse.

Anaima pakati pa bwalo n'kupereka moni mwaulemu, ngati abwera kudzacheza.

"Amake Sophia, tulutsani mlendo wanu. Tifuna timufunseko mafunso chabe."

Tamandani anayang'ana manja a anthuwo. Miyala sifunsa mafunso. Anayankha kuti munthuyo ndi wodwala, kuti wamwa madzi ake n'kudya chimanga chake, ndipo ngati pali mlandu adikire a Eustace kapena atumize uthenga kupolisi ku Nyimba. Wina anaseka n'kunena kuti apolisi akamafika pa msewu wa matope umenewu, mudzi wonse udzakhala utagona tulo tosadzuka. Mayi wina kumbuyo anati anthu a ku Katete amenewa sadziwika bwino: chimanga chawo n'chobiriwira pamene cha anzawo chachita chikasu, ndani akudziwa amene amagwira nawo ntchito. Mawuwo anayenda m'gulu ngati moto m'udzu wouma. Amake Happiness, amene dzana lomweli anabwereka mchere pakhomo pomwepo, anayang'ana kumbali.

A Josphat anabwereza pempho lawo, nthawi ino mopanda moni. Anati akapanda kumutulutsa, anyamatawa sangawagwire, ndipo udzu wa tsindwi ngakhale wanyowa pamwamba, m'kati ndi wouma. Anamulangiza kuti achoke pakhomo ndi mwanayo.

Gulu linasendera. Tamandani anamva chitseko chikukhudza zidendene zake.  Anafuna kuthawa, miyendo inakana. Anapezeka atagwada m'matope a pakhomo, mwana ali kumsana. Mawu amene anatuluka sanawakonze. Anali okhawo amene anatsala m'kamwa mwake.

"Tiyeni tipemphele."

Kudera limenelo mawu amenewa ali ndi mphamvu yawoyawo. Msonkhano wa feteleza suyamba popanda iwo, ngakhale mlandu wa mbuzi yodya m'munda. Akanenedwa, zipewa zimatsika, maso amatsekeka, ndipo palibe amene amasuntha phazi kapena kudula mawu mpaka wopempherayo atati Ameni. A Josphat eni ake ndiwo ankalimbikira mwambowu kuposa aliyense. Ankati munthu wotsegula maso pemphero lili m'kati ali ngati wolowa m'chipinda cha mfumu osagogoda. Tsopano dzanja lawo linakwera lokha, lisanafunse mutu, n'kuvula chipewa. Ataona zimenezo, ena anaweramitsa mitu, ena monyinyirika, miyala ikadali m'manja.

Tamandani anatseka maso. Mdima wa m'maso mwakemo unali woopsa kuposa nkhope zija, chifukwa tsopano mwala ukanabwera osauona. Anayamba ndi pemphero limene aliyense amalidziwa kuyambira ali mwana, ndipo milomo ingapo inamutsatira mwachizolowezi. Koma ali pafupi kufika kumapeto, anazindikira chinthu chimodzi. Kutsogolo kwake kunali Ameni, ndipo kuseri kwa Ameni kunali chigubu chija. Liwu limodzi limenelo ndilo linali chitseko chenicheni. Malinga ngati sanalitchule, munthu wa m'nyumbamo anali moyo.

Anapatuka. Anayamba kuuza Mulungu zimene zinali mumtima mwake, mosasanja. Anati akuopa. Anati sakudziwa ngati wachita bwino kapena wapusa. Anati ngati munthu ali m'nyumbayo ndi woipa, Mulungu amange manja ake. Ngati ndi wosalakwa, amange manja a ena onsewa. Anapempherera Eustace ndi maso a apongozi ake. Anapempherera mvula, chimanga, msewu. Mawu anayamba kuchepa ngati ufa wa mwezi wa njala, ndipo anamva mapazi akusuntha m'matope.

"Amai aba afuna tigone pano," wina anang'ung'udza, wina n'kutsekereza kuseka.

Pamenepo Tamandani anagwira chimene chinali pafupi: anthu omwewo. Sankawaona, koma ankawadziwa ndi chifuwa, ndi kapumidwe, ndi mbali imene mawu awo anachokera. Anatchula amake Happiness, ndi mwana wawo amene amagwa khunyu, amene mai ake sagona tulo tokwanira poopa kuti angagwere pamoto. Anapempha kuti mwanayo akadzagwa pa njira tsiku lina, kutali ndi kwawo, pakati pa anthu osamudziwa, adzapezeke womutola osati womuponya mwala. Kumbuyo kwa gulu kunamveka mphuno ikufwenthedwa.

Anatchula mayi uja ananena za chimanga, n'kupempha kuti munda wake ubiriwire kuposa wa wina aliyense. Anatchula nkhalamba ina imene ng'ombe zake zinafa, ndi mnyamata wina amene anapita ku Lusaka kukafuna ntchito, amene mwina pa ola lomwelo anali kugogoda pakhomo la munthu wosamudziwa kupempha madzi. Dzina lililonse limene ankatchula linkatuluka ndi nkhawa yake, ndipo anadabwa kuona kuti ankadziwa zowawa zambiri chotere za anthu amene ankamutcha mlendo. Anadabwanso kuti sankanama. Poyamba ankangofuna kutalikitsa nthawi, koma tsopano ankawafuniradi zabwino, ndipo misozi imene inkatsika inali ya iwo pamodzi ndi iye mwini.

Penapake mwala unagwa m'matope. Sanadziwe ngati unagwetsedwa dala.

Kenako anamva fungo. Linabwera ndi kamphepo, lakuthwa, lolowa mpaka kukhosi. Wina anali atatsegula chigubu. Anamva mapazi akuzungulira cha kumanzere, kumene tsindwi limatsika kufika pa phewa la munthu, ndi kaphokoso ka bokosi la machesi likugwedezeka m'thumba. Sophia anadzuka n'kuyamba kulira. Thupi lonse la Tamandani linamuuza kuti atsegule maso, anyamuke, apulumutse mwana wake, munthu wosadziwikayo adzionere yekha. Anafinya zikope mpaka anaona nyenyezi. Anatchula Fredrick. Anatchula mkazi wake amene anali ndi pathupi poyamba, miyendo itatupa, mwezi wake uli pafupi, mitsinje itadzaza pakati pa mudzi ndi chipatala. Anapempha kuti manja amene adzalandire mwana ameneyo adzakhale manja oyera, osanunkha utsi wa munthu.

Mapazi aja anaima.

"Tseka chigubu, Fredrick," anatero a Josphat motsitsa, osakweza mutu. "Pemphelo likalibe kusila."

Chivundikiro chinalira pozungulira. Koma palibe amene anachoka. Ankangodikira, ndipo Tamandani anadziwa kuti kudikira kwawo kuli ndi malire. Mawu ake anali atasasa. Maondo anali atachita dzanzi. Maina onse anali atatha kupatula limodzi, ndipo limenelo ankaliopa, chifukwa chimene ankadziwa cha a Josphat chinali nkhani imene anthu sankaitchula pamaso pawo. Anaimva kamodzi kokha, monong'onezana, amai a chigwirizano cha kutchalitchi akusenda mtedza. Kale, iye asanabwere kudera lino, a Josphat anali ndi mng'ono wawo msodzi. Tsiku lina mvuu inagubuduza bwato lake pa Luangwa, madzi atadzaza. Anthu anafufuza m'mabango mpaka anatopa. Mtembo sunapezeke, ndipo monga amachitira anthu zikatero, anakulunga thunthu la nthochi m'nsalu n'kuliika m'manda, kuti maliro akhale ndi polirira.

Kunena zimenezi pagulu kunali ngati kuponda pa bala la munthu. Koma kumbuyo kwake kunalibe china koma Ameni.

"Ambuye," anatero, "kumbukilani a Mumba, amene aima pano ndi mtima wolemela. Inu mudziwa kuti anaika m'manda nsalu yopanda munthu. Inu mudziwa kumene madzi anapita naye mng'ono wawo, ndi anthu amene anamuona komaliza, ngati anamuchitila chifundo kapena ayi. Dzina lake ine sindilidziwa, Inu mulidziwa. Ndiponso uyu ali kuseli kwa chitseko changa, dzina lake lenileni sindilidziwa. Inu mulidziwa."

 Anthu awiri opanda maina anali ataima moyandikana m'pemphero lake, ndipo kwa nthawi yoyamba anawaona pamodzi. Pabwalo panali zii, moti kudontha kwa madzi a tsindwi kunkamveka. Mawu anamuthera. 

Kumbuyo kwake chitseko chinalira.

Anamva gulu likukoka mpweya. Anayembekeza mwala woyamba, anapinda msana kuti aphimbe mwana. Koma chimene anamva chinali thupi likutsika movutikira pambali pake, bondo limodzi kenako linzake, ndi mpweya wa munthu wotopa. Mlendoyo anagwada. Ndipo monga zimachitikira m'mapemphero a m'nyumba, wina akalefuka mnzake n'kulandira pomwe wasiyira, munthuyo analandira pempherolo lisanagwe pansi.

Analankhula ndi Mulungu m'Chinsenga cha pamudzi pomwepo, mawu akuthyokathyoka. Anati madzi sanamusunge. Anati anamutaya kutali kumunsi, kupitirira malire a dziko, kumene asodzi olankhula chilankhulo china anamuvuula ali ngati wakufa, mutu utang'ambika. Anati kwa zaka zambiri sankadziwa kuti iye ndani. Ankasenza nsomba za anthu, kugona m'misika, kuyankha dzina lililonse limene amupatsa. Nzeru zitayamba kubwerera pang'onopang'ono, anayamba ulendo wa kwawo. Koma atafika ku Nyimba, pamsika, anafunsa za mudzi wake kwa munthu wogulitsa nthochi, n'kutchulapo dzina lake lakale ngati la munthu wina, ndipo anauzidwa kuti munthu amene akumutchulayo anafa kalekale, manda ake alipo.

"Lomba Ambuye, ningauze tyani anthu dzina lomwe analilila kale? Ati niwauze, azati ndine chiwanda. Ati nikhale chete, azati ndine wopopela. Neo nenzofuna chabe kuona amama. Napeza kulibe."

Anasiya pamenepo. Sanati Ameni; pempherolo silinali lake kuti alitseke.

Mantha a gulu anasintha nkhope, koma sanachepe. Tamandani anamva anthu akubwerera m'mbuyo, wina akupunthwa pa lichero. Mayi wina anayamba kutchula dzina la Yesu mobwerezabwereza. Mnyamata wina ananong'ona kuti akufa sabwera, ndipo chimene chimabwera ndi nkhope ya wakufa chimafunika moto kuposa wopopera. Bokosi la machesi linagwedezekanso. Tamandani anaona kuti pemphero lake lakokera munthuyo panja, pamene panalibenso chitseko chomuteteza, ndipo anachita mantha kuposa nthawi ina iliyonse tsikulo. Mumtima anangoti, Ambuye, ine ndafika pothera, chitani Inu.

Kunamveka chinthu cholemera chikugwa. Chinali chibonga cha a Josphat. Kenako mapazi awo, olemera, osatsimikiza, mapazi a munthu woyenda maso ali chitsekere. Anabwera molunjika kumene mawu aja anachokera. Tamandani anamva mphepo ya thupi lawo ikumudutsa, ndi dzanja likufufuza m'malere mpaka linapeza phewa la mlendoyo. Linakhala pamenepo. Linakwera kukhosi, pamene mtsempha umagunda.

"Ni wofunda," anatero a Josphat, ndipo mawu awo sanali a mkulu wa mpingo kapena a mkulu wa olondera. "Chiwanda sichituluka magazi ku phazi. Ikani pansi vonse vamene muli navo. Wofuna kuponya, ayambile pali neo."

 Kenako mwala unagwa, wina unatsatira, kenako yambiri, phuphuphu, ngati mango akugwa ndi mphepo. Makasu anagonekedwa. Chigubu chinaikidwa pansi patali, ndipo Tamandani anamva Fredrick akupukuta manja pa buluku mobwerezabwereza.

"Amake Sophia," anatero a Josphat, "malizani. Nifuna kutsegula menso."

 Liwu limene Tamandani analithawa madzulo onsewo linali lopepuka modabwitsa pamene linatuluka.

"Ameni."

Gulu linayankha, ena mokweza, ena ndi milomo yokha. Kuwala kunamulasa m'maso. Dzuwa linali litatsika pansi pa mitambo, ndipo bwalo lonse, matope, miyala yomwazika ndi nkhope za anthu, zinali zofiirira ngati mkuwa. Palibe amene ankayang'ana mnzake. Onse ankayang'ana amuna awiri aja, wina ataima, wina atagwada.

A Josphat anayang'ana nkhopeyo nthawi yaitali. Zaka ndi njala zinali zitaidya. Ndevu zinali zitaphimba chibwano, ndipo chipsera chachikulu chinadutsa pamphumi mpaka m'tsitsi. Anafufuzamo munthu amene ankamudziwa monga umafufuzira njira yakale m'munda umene wamera thengo. Milomo yawo inayamba kupanga dzina, koma anailetsa. Mwina ankaopa kuti akalitchula iwo, munthu wanjala aliyense akhoza kuvomera. Anagwada m'matope momwemo, maso awo n'kulingana ndi a mlendoyo, n'kumuuza kuti anene yekha, mokweza, kuti mudzi wonse umene unalira maliro ake umve.

Mlendoyo anachotsa thumba la feteleza pamapewa n'kuliika pansi. Anayang'ana Tamandani kaye, ngati akupepesa chifukwa cha dzina lobwereka lija. Kenako anatembenukira kwa mkulu wake.

"Ndine Gideon," anatero. "Gideon Mumba."